Dothi la M'mphepete mwa M50

Amuna anga anamwalira Lamlungu m'mawa, mwezi wa Juni, kunja kutayera kale. Ankachokera kuntchito ku Citywest, kumene ankalongedza katundu, kubwerera kunyumba ku Ongar, kuno kudziko la azungu. Ine n'kuti nditavala kale za kutchalitchi, ndikungodikira kuti afike, asambe, tinyamuke. M'malo mwawo pakhomo panafika apolisi awiri, zipewa zili m'manja.

Zimene ananena tsiku limenelo sizinandilowe. Ndinadzamva bwino Lachiwiri, alamu anga atandikhazika pansi. Alamuwo ndi mng'ono wa amuna anga, bere limodzi. Anabwera kuno kudzaphunzira za madzi ku yunivesite, ndipo ankakhala m'kachipinda ku Rathmines. Anatenga envulopu najambula bwalo kumbuyo kwake.

"Iyi ndi raundabauti, alamu. Kuno timayenda kumanzere ngati kumudzi. Dalaivala amene anagunda achimwene anatsika m'sitima ya pamadzi ndi lole yake m'mawa womwewo, kuchokera kumaiko kumene amayenda kumanja. Ngakhale chiwongolero chake chili mbali inayo. Msewu unali pululu, panalibe galimoto yoti aitsatire. Atafika apa, manja ake anakhota monga anazolowera kwawo, n'kulowa msewu waukulu wa M50 podzera njira yotulukira. Ndiye anayamba kuyenda moyang'anizana ndi anzake."

"Zikwangwani panalibe?"

"Zilipo, zofiira. Kaya sanazione, kaya sanathe kuziwerenga."

Ndinafunsanso chinthu chimodzi. Ndinafunsa ngati achimwene awo analankhula asanatsirizike, ngati panali munthu pafupi. Alamu anati sakudziwa. Kuchipatala anati anafika atapita kale. Wapolisi amene anatipatsa kuti azitithandiza anati iye sanalipo pamalopo. Funso limeneli ndinkagona nalo, kudzuka nalo.

Amalawi anzathu anathamangathamanga, mapepala onse otumizira thupi kumudzi anatheka. Anthu osamalira maliro anatiuza kuti bokosi adzalitseka Lachinayi la sabata yotsatira, 3 koloko masana. Lili ndi chitsulo mkati, akangotseka basi, silitsegulidwanso mpaka ku Ntcheu. Ndege inali ya Lachisanu.

Lachitatu madzulo apongozi anga anaimba foni.

"Mwana wanga, kodi mwamutenga?"

"Tinyamuka nawo Lachisanu, amayi."

"Sindikunena thupi ine. Munthu wofera pamsewu amatsala pamsewupo. Mukabwera ndi bokosi lokha, tidzaika bokosi lokha."

Anandiuza chochita, mobwereza kawiri ngati akutuma mwana kugolosale. Ndipite pamene anatsirizikira, ndigwade, ndiwaitane, ndiwauze kuti tikupita kwathu. Nditape dothi la pamalopo, ndimange m'kansalu koyera. Panjira ndiziwauza pamene tafika kuti asasochere. Ndisacheuke. Ndipo ndisalankhule ndi munthu wamoyo aliyense kufikira dothilo nditaliika m'bokosi, kumiyendo kwawo.

"Mukangoyankha munthu, mwamusiya pomwepo," anatero apongozi.

Ine ndine munthu wopemphera, ndipo kwathu kumene ndinabadwira zimenezi sitichita. Koma mwana anali wawo, ndipo sanandipemphepo kanthu chikwatiwire. Ndinati ndamva.

Alamu atamva anagwira mutu.

"Alamu, uja si msewu wa pa Tsangano woti munthu n'kuima kugula mbatatesi. Lamulo silola kuima, silola kuyenda pansi. Makamera ali ponseponse. Ine mapepala anga okhalira kuno akutha Seputembala, mukufuna ndikawonjezere ndili ndi mlandu wa kupolisi?"

"Ndiye ndikwera basi."

"Basi yake iti imaima pa msewu waukulu ngati umenewo?" Kenaka anati, "Bwanji titape kuseri kwa fulati kuno? Dothi ndi dothi. Amayi sadziwa."

"Amayi sadziwa, koma achimwene anu adziwa."

Anayesa kuimbira wapolisi wotithandiza uja. Foni inayankha yokha kuti abwera Lachisanu. Alamu anaiyang'ana foniyo nthawi yaitali, kenaka anati adzanditenga mawa 12 koloko.

Anafika 1 koloko itadutsa. Anati aphunzitsi awo anawachedwetsa, koma maso awo ankaoneka kuti anakhala m'galimoto panja akulimbana ndi mtima. Ine ndinali nditadula kansalu pa pilo yoyera ya amuna anga, ndatenga supuni yaikulu, ndamanga chitenje ndi duku lakuda. Ndinatenganso kalata ya kuchipatala yokhala ndi dzina lawo, sindikudziwa chifukwa chake.

Kuchokera ku Ongar tinayamba kutsikira kummwera, chifukwa malowo anali mbali inayo ya msewu, yobwerera. Alamu anandilozera tikudutsa. Chitsulo chotchinga m'mphepete mwa msewu chinali chakuda ndi fumbi paliponse, koma pamalo amodzi chinali chatsopano, chikung'anima. Tinapitirira, tinakatembenuka kutsogolo, n'kulowanso msewu womwe amuna anga ankadzera tsiku lililonse.

Alamu anagwira chiwongolero ndi manja onse, akuyang'ana pagalasi kawirikawiri. Kumbuyo kwathu kunali lole, pafupi kwambiri moti ndinkangoona mano a chitsulo a kutsogolo kwake.

"Ndi apo, alamu. Imani."

"Ndiima bwanji chinthuchi chili pamsana?"

Chitsulo chatsopano chija chinadutsa pawindo langa n'kutsala m'mbuyo. Alamu anayatsa magetsi ophethira, napatukira m'kanjira ka m'mphepete kamene amasiyira magalimoto owonongeka. Lole inadutsa ikuliza hutala, galimoto yathu inagwedezeka ngati dengu. Pamene tinkaima n'kuti titapitirira mtunda ngati mabwalo awiri a mpira.

Alamu anaika giya yobwerera m'mbuyo. Tinayenda pang'ono chabe, lole ina inaliza hutala yaitali, iwo n'kuponda buleki.

"Sindingathe," anatero. "Tikazungulirenso."

Wotchi ya m'galimoto inkati 1:50. Kuzungulira kukanadya mphindi zambiri, ndipo panalibe chotsimikiza kuti ulendo wachiwiri tikanaima pabwino. Ndinatsegula chitseko.

Phokoso la msewu umenewo munthu sulidziwa ukakhala m'galimoto. Limalowa m'mano. Mphepo ya lole iliyonse inkandikankha, chitenje chikukulunga miyendo. Ndinaona kagalimoto ka alamu kali pokhapokha, ndinaopa kuti wina akagunda. Ndiye ndinachita chimene aliyense kwathu akanachita. Kuseri kwa chitsulo kunali zitsamba, ndinathyola nthambi zamasamba n'kuziika m'mphepete mwa phula kumbuyo kwa galimoto, milu itatu motalikirana. Kwathu dalaivala akaona masamba pamsewu amadziwa kuti kutsogolo kuli maliro kapena galimoto yafa, amachepetsa liwiro, ena amavula ndi chipewa chomwe.

Alamu anatulutsa mutu pawindo akukuwa. Ndinangomva mawu akuti "kuno sadziwa", ena onse mphepo inatenga.

Palibe anachepetsa liwiro. Ndisanapite patali, lole inadutsa, mphepo yake inanyamula nthambi imodzi n'kuiponya pakati pa msewu. Galimoto yofiira inaizemba mwadzidzidzi, ya pambali pake inalira matayala. Ndinaona nkhope ya mayi amene ankayendetsa, kukamwa kuli yasa, kumbuyo kuli kampando ka mwana. Anadutsa bwinobwino. Nthambiyo sindikanatha kukaichotsa. Ndinapitirira.

Ndinkayenda moyang'anizana ndi magalimoto, onse akubwera kumaso kwanga. Ndinaganiza kuti dalaivala uja anaona zomwezi m'mawa uja, magalimoto akumudzera kumaso, iye n'kumadabwa kuti anthu onsewa asokonekera bwanji. Ganizolo sindinalifune, ndinalikankha.

Pa chitsulo chatsopano paja panali zizindikiro za penti yachikasu paphula, ndi timagalasi tosweka m'mphepete. Ndinadumpha chitsulocho, ndinagwada paudzu. Dothi linali lonyowa, lakuda, lolimba ndi mizu. Ndinakumba ndi supuni.

"Bambo, ndine. Ndabwera kudzakutengani. Dzukani tizipita kwathu, amayi akudikira. Musatsale pano, pano si panu."

Ndinamanga kansalu mfundo ziwiri, ndinakagwira pachifuwa, n'kuimirira kuyang'ana kumene kunali galimoto. Kumbuyo kwake kunali kutaima kale galimoto ya apolisi, magetsi abuluu akuzungulira.

Apolisi anali awiri. Wamkazi, wachitsikana, ankatola nthambi zanga n'kumaziponya kuseri kwa chitsulo. Wamwamuna, wachikulire, wa ndevu za imvi pamlomo, ankabwera kwa ine mofulumira, dzanja likundilozera kuti ndikhale kuseri kwa chitsulo. Alamu ankamutsatira m'mbuyo.

Chingerezi ndimamva. Ndagwira ntchito yosamalira okalamba zaka zambiri, ndipo okalamba a kuno salankhula pang'onopang'ono. Zonse zimene bamboyo ananena ndinazimva.

"Mayi, mukudziwa pamene muli? Nthambi zija mwaika ndinu?"

Ndinayang'ana mabatani a jekete lake.

"Makamera aona galimoto ikubwerera m'mbuyo, ndiponso munthu akuyenda molakwika. Tathamanga poganiza kuti ndi wina walowanso msewu chosemphana. Mukanapha anthu ndi nthambi zanuzo. Dzina lanu ndani?"

Kansalu kanali konyowa, madzi ake akulowa m'bulauzi. Ndinanong'oneza, "Bambo, taima pang'ono. Musachoke."

"Mukuti chiyani? Lankhulani ndi ine. Dzina lanu."

Alamu anafika akupuma mofulumira. Chingerezi chawo cha ku yunivesite tsiku limenelo chinkatuluka chodukaduka. Anati sindingalankhule. Wapolisiyo anafunsa ngati ndine wosalankhula chibadwire. Anati ayi. Anafunsa ngati ndikudwala, kapena ndamwa kanthu. Anati ayi.

"Ndiye akukana," anatero wapolisiyo. "Munthu wopezeka akuyenda pamsewu uno, waika zinthu pamsewu, akukana kutchula dzina. Nditani naye? Ndimutengere kusiteshoni. Nanga m'kansaluko muli chiyani?"

Anatambasula dzanja. Ndinabwerera phazi limodzi, osacheuka, chidendene chinaterera paudzu.

Alamu anatembenukira kwa ine m'Chichewa. "Alamu, chonde, dzina lokha. Mawu awiri okha. Amayi sanawerengere za apolisi. Ikukwana 2:15 iyi, akakutengani bokosi litsekedwa inu muli kusiteshoni."

Anali kunena zoona, ndipo ndinadziwa. Ndikayankha, ndawasiya amuna anga pamapazi a wapolisi. Ndikapanda kuyankha, ndipita nawo kusiteshoni, bokosi lipita lokha. Ndinayang'ana alamu m'maso, kenaka ndinayang'ana chikwama changa chimene anali atakolekera paphewa. Ndinachiyang'anitsitsa mpaka anamva. Anatsegula, anapeza kalata ya kuchipatala ija, naipereka.

Kenaka anafotokoza zonse, ndipo ulendo uno sanachite manyazi. Anati mayi awa ndi mkazi wa munthu walembedwa apoyo, ine ndine mng'ono wake. Anati kwathu munthu akafera panjira timabwera kudzamutenga, ndipo womutengayo salankhula ndi wina mpaka atamufikitsa. Anati bokosi litsekedwa 3 koloko.

Wapolisi anawerenga kalatayo. Anaiwerenga nthawi yaitali kuposa mawu amene analipo. Malole ankangodutsa.

"Mwakumba pati?" anafunsa, mawu atatsika.

Alamu analoza pa chitsulo chatsopano.

Bamboyo anapukusa mutu. "Apo ndi pamene inakaima lole. Galimoto yawo inazungulira n'kupitirira. Lamlungu lija ndinali pano, ndinafika woyamba." Anatembenuka naloza kutsogolo, cha kufupi ndi pamene alamu anaimika galimoto, pamene panali kamtengo kothyoka nthambi. "Tinawatulutsa n'kuwagoneka paudzu apo. Sanali okha, mayi. Ndinali nawo mpaka ambulansi inafika."

Pamenepo ndi pamene ndinavutika kuposa ponse. Munthu amene ndinkamufuna masabata awiri anali ataima patsogolo panga, woti ndikanatha kumugwira mkono. Analankhula? Anatchula ndani? Anamva kuwawa? Mawuwo anali atafika kale pakhosi, m'Chingerezi chomwe. Ndipo mtima unandiuza kuti, dothi watapali ndi la pa lole, amuna ako sunawatenge, ndiye palibe chimene ungaswe, funsa msanga usanakatape lenilenilo.

Koma ndinali nditawaitana kale. Mtunda wake unali waufupi, ndipo amuna anga anali ndi khutu, ankandimva ndikuitana kukhitchini iwo ali pansi poimika magalimoto. Ngati anamva n'kudzuka, ndiye kuti anali pambali panga nthawi yomweyo.

Ndinayang'ana alamu kuti mwina afunsa okha. Iwo ankayang'ana wotchi. Ndinaluma mlomo wam'munsi mpaka ndinamva mchere wa magazi.

Wapolisiyo analankhula pa wailesi yake. Pasanapite nthawi chikwangwani cha magetsi cha pamwamba pa msewu chinasintha, magalimoto anayamba kuchoka mumzere wa kufupi ndi ife. Anandiuza kuti ndiziyenda kuseri kwa chitsulo, iye ankayenda mbali ya msewu, pakati pa ine ndi malole. Titafika pa kamtengo kaja analoza ndi chipewa, chimene anali atachivula.

Udzu wa pamenepo unali utadzukanso, panalibe chizindikiro chilichonse. Ndikanadutsapo kakhumi osadziwa. Ndinagwada, ndinamasula mfundo. Dothi loyamba lija sindinalitaye, ndinaopa. Ndinangowonjezera lachiwiri pamwamba pake.

"Bambo, ngati munali pano, dzukani. Ngati munali kale ndi ine, tiyeni."

Pamene ndinkamanga, wapolisi wamkazi n'kuti akulembera alamu tikiti ya chindapusa. Sanawakhululukire, ndipo wachikulire uja sanamuletse. Bamboyo anawauza alamu kuti munthu woima m'kanjira kameneko amakhala pakamwa pa imfa, iye watolapo anthu amene anangoima kuti ayankhe foni. Anati chichitikireni ngozi ija akhala akuimitsa malole ochokera kudoko, kuwaonetsa madalaivala mbali yoyendera, koma sangaike wapolisi pa raundabauti iliyonse. Anati tsiku lina tikadzafuna zotere tidzapemphe, amatha kutseka mzere. Kenaka analemba nambala ya foni kumbuyo kwa tikitiyo.

"Ngati mayiwa adzafune kufunsa kanthu, akadzayamba kulankhula," anatero.

Anatitsogolera ndi magetsi awo mpaka potulukira. Sindinathe kunena zikomo, ndipo sindinacheuke kuti ndione pamene anakhotera. Wotchi inkati 2:32.

Potulukira pake panali pa raundabauti ija ya pa envulopu. Ndinaona zikwangwani zofiira zija, ziwiri, zitayang'ana kumene lole inachokera. Zinali zazikulu ndithu.

"Tatuluka mumsewu waukulu, bambo. Tikuzungulira kumanzere. Tafika pa maloboti, taima. Tikudutsa pa shopu ija munkagula nyemba. Tawoloka mlatho."

Alamu sanandilankhule njira yonse. Pa maloboti ena amene anachedwa kusintha ndinawamva akunena chapansipansi, "Achimwene, pirirani, tatsala pang'ono." Munthu wa ku yunivesite uja.

Tinafika 3 koloko itatsala mphindi zisanu ndi ziwiri. Bambo wosamalira maliro anatilonjera pakhomo, ine ndinangomudutsa, alamu anatsala akupepesa. Amuna anga anali atavala suti yawo yotuwa. Ndinakweza nsalu ya kumiyendo, ndinaika kansalu kaja pakati pa mapazi awo, n'kubwezera.

"Tafika, bambo. Mawa tikwera ndege."

Ndinatuluka panja ndinakhala pa sitepe. Mawu anga oyamba kwa munthu wamoyo ndinauza alamu kuti andipatse madzi. Kenaka tinaimbira apongozi.

"Mwamutenga?"

"Ndawatenga, amayi."

"Simunayankhe munthu?"

"Sindinayankhe."

Anapuma mpweya wautali, anati zikomo mwana wanga, n'kuyamba kulira maliro amene anali atawasunga masabata awiri.

Tinakawaika ku Ntcheu, ndinabwerera kuntchito. Mlandu wa dalaivala uja unadzazengedwa patapita miyezi, ndinapitako tsiku limodzi. Anali bambo wamfupi wa dazi, wovala juzi yolukidwa pamanja, womasulira atakhala pambali pake. Sanadzutse mutu. Ine ndinali nditakonzeka kumuda, koma ndinkangokumbukira mayi wa galimoto yofiira uja ndi kampando ka mwana. Sindinapitekonso.

Mapepala a alamu anawonjezeredwa, anamaliza sukulu, anabwerera kumudzi. Asanapite anandisiyira tikiti ija, ili m'Baibulo langa. Nambala ya kumbuyo ikuwerengekabe. Kawiri ndinaiyimba mpaka manambala onse, osadina kabatani kobiriwira. Ndikudziwa kuti amuna anga sanali okha, ndikudziwanso kuti anafika kwawo. Chotsalacho wapolisi wachikulire uja akundisungira, ndidzafunsa tsiku limene ndidzathe kumva yankho lililonse limene angandipatse.